Miyezi Itatu ya Chinsinsi

Chichewa chili ndi mawu angapo onenera mayi amene watenga pathupi, ndipo onsewo amalankhula mozungulira. Timati ndi woyembekezera, timati waima, kumudzi amangoti ndi wodwala, koma kawirikawiri timati ali ndi pakati. Mwa mawu onsewa, a pakati ndiwo olemera. Agogo anga ankawamasulira kuti mayiyo ali pakati pa moyo ndi imfa, ndipo ankanena zimenezi osanjenjemera mawu, monga munthu wonena za kubwera kwa dzinja. Iwo adaberekera ana 9 m'nyumba ya udzu ku Dedza, naika atatu m'manda, motero ankadziwa chimene ankanena.

Pamwamba pa mawu ozungulirawa pali lamulo losalembedwa loti mimba yaing'ono salengeza. Ena amaopa anthu akaduka amene angaimange, ena amaopa manyazi odzabweza mawu zinthu zikalephereka, enanso amangotsata chifukwa ndimo adapezera. Ngakhale chisamba, mwambo umene anamkungwi amalangira mtsikana wa mimba yoyamba, chimadikira kuti mimbayo ionekere. Chotsatira chake n'chakuti malangizo amafika pamene chiopsezo chakuti mimba ichoka chachepa kale. Miyezi itatu yoyambirira, imene mimba zambiri zochoka zimachokera, ilibe namkungwi, ndipo mayi amaiyenda yekha ndi chinsinsi chake.

Ine ndidaloŵa m'miyezi imeneyi kumapeto kwa chaka cha 2017, ndili ndi zaka 31, nditakhala pabanja zaka zitatu popanda mwana. Amene adadikirapo chotere amadziwa mmene maso a achibale amatsikira pamimba asanakwere kunkhope popereka moni. Titaona timizere tiwiri pa kachipangizo koyezera kaja, ine ndi amuna anga tidagwirizana kuti tisauze munthu mpaka Pasaka. Tinkasangalala chamumtima. Iwo ankabwera ndi mango ndi usipa wofutsa osafunsa chifukwa, ine ndinkaphunzitsa Fomu 3 nditatsamira tebulo, mseru ndikuubisa ndi ndimu.

Lachiwiri lina la mwezi wa February 2018, mimba ili ndi masabata 8, ndidapita kuchimbudzi cha aphunzitsi nthawi yopumula ndipo ndidaona magazi. Sadali ambiri, mwina odzaza supuni, koma adali ofiira, atsopano. Kunja mvula inkagunda malata, ana ankathamangira m'makalasi. Ndidaima mmenemo kwa kanthawi, choko chikadali m'zala, ndikumva kupotokola pang'ono m'chinena monga zimachitikira munthu akayandikira kumwezi. Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndidatuluka, ndidauza aphunzitsi aakulu kuti mutu wandivuta, ndidaimbira amuna anga foni, ndipo lisanathe ola tidali pa benchi ya chipatala chaching'ono cha m'dera lathu.

Namwino amene adatilandira adali wotopa, mzere unali utafika pakhonde. Adatsegula buku langa la kuchipatala, nafunsa tsiku limene ndidasamba komaliza, kenaka osadzutsa mutu adati: "Mayi, mwamwa chiyani? Nenani zoona kuti tikuthandizeni msanga." Poyamba sindidamve tanthauzo lake. Nditamva, nkhope idatentha. Lamulo loletsa kuchotsa mimba, limene tidatengera kwa atsamunda, lachititsa kuti amayi ambiri azichotsera kumbali, ndipo anamwino aona atsikana ofika atamwa zitsamba kapena atadzibaya ndi timitengo ta chinangwa. Funsolo lidali ndi chifukwa chake. Komabe kwa mayi amene wadikira zaka zitatu, lidalasa. Ndidamvetsa tsiku limenelo chifukwa china chimene amayi otaya magazi amazengerezera kupita kuchipatala: amaopa kukafika ngati wodwala n'kulandiridwa ngati wopalamula.

Atandiyeza adati khomo la chiberekero ndi lotseka, kuthamanga kwa magazi kuli bwino, malungo palibe. Makina ounikira m'mimba pamalopo padalibe, choncho adatilembera kalata yoti mmawa mwake tikaonedwe kuchipatala chachikulu. Adatiuza kuti magazi akachuluka, kapena ndikamva ululu woopsa mbali imodzi, kapena chizungulire, tisadikire kuti kuche.

Usiku umenewo ndidakhala woweruza wa thupi langa. Ndidakumbukira ndowa ya madzi imene ndidasenza Lamlungu mpopi utauma, minibasi imene idatigwedeza pamsewu wa mabampu, chinanazi chimene ndidadya, tsiku limene ndidakalipira mwana wa sukulu mpaka mtima kugunda. Amuna anga adakhala m'mphepete mwa bedi, nyali ya foni ili m'manja. Pakati pa usiku adafunsa motsitsa mawu: "Kodi mwina ndi ine? Paja Loweruka lija..." Iwo ndi munthu wophunzira, koma adakulira m'mudzi mmene nkhani za tsempho ndi mdulo zimaloza mwamuna mkazi wapakati akadwala. Tonse awiri tinkafuna wolakwa, chifukwa tsoka lokhala ndi mwini wake limapepukirako kusiyana ndi longogwa. Maola awiri alionse ndinkadzuka kukaona nsalu. Magazi ankati aleke, n'kubweranso.

Kusanache ndidaimbira amayi anga. Ndidati, "Amayi, ndili ndi pakati, koma ndikutaya magazi." Nkhani yabwino ndi yoipa zidatulukira mpweya umodzi. Iwo sadafuule, sadafunse chifukwa chimene sindidawauzire kale. Adangoti, "Ndikubwera, mwana wanga. Usasenze kanthu." Adakwera galimoto yoyamba, ndipo adatipeza pa mzere wa kuchipatala chachikulu, atanyamula zitenje zitatu ndi fulasiki ya phala.

Pa benchi imeneyo ndi pamene amayi adandiuza chimene sadandiuzepo zaka zonse. Pakati pa ine ndi mchimwene wanga pali zaka 6, ndipo ndinkayesa kuti adangofuna kutalikitsa. "Padali awiri pamenepo," adatero akuyang'ana kutsogolo. "Woyamba adachoka ndili kumunda, wa miyezi iwiri. Wachiwiri adafika miyezi inayi. Agogo ako ndi azakhali ako ndiwo adakakwirira kudambo, mmamawa. Bambo ako sadapite. Ine adandiuza kuti ndisalire, ndingatseke njira ya ena." Adapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, nanditsanulira phala.

Wounika adandiuza kuti ndimwe madzi ambiri ndipo ndisapite kukataya, kuti chithunzi chioneke bwino. Magetsi adazima kawiri tisanaloŵe. Nditagona pa kabedi kaja, adandipaka mafuta ozizira pamimba nayamba kuyendetsa kachipangizo, maso ali pa galasi la makina. Adakhala chete nthawi imene kwa ine idali ngati chaka. Kenaka adatembenuzira galasilo kwa ine, naloza ndi cholembera kanthu kangati nyemba, ndipo pakati pake panali kadontho kothwanima mofulumira. "Mtima uwo," adatero. "Ali m'malo mwake, ndipo ukugunda." Pambali pake adaloza kachigamba kakuda, magazi amene adaunjikana pakati pa khoma la chiberekero ndi thumba la mwana. Amenewo ndiwo ankatuluka.

Dokotala amene adaŵerenga zotsatirazo adali wachinyamata, wolankhula modekha, ndipo adatipatsa mphindi zingapo zimene ndimazithokoza mpaka lero. Adati mwa amayi 4 alionse oyembekezera, pafupifupi mmodzi amaona magazi m'miyezi itatu yoyamba, ndipo mtima wa mwana ukaoneka ukugunda, mimba zambiri zotere zimapitirira. Adatinso sangalonjeze. Ndidamuuza za ndowa, za minibasi, za chinanazi. Adapukusa mutu. Pafupifupi theka la mimba zochoka msanga, adatero, zimachoka chifukwa makromozomu, timitolo ta malangizo a kapangidwe ka thupi timene mwana amalandira kwa bambo ndi mayi, sadagaŵike bwino pa chiyambi penipeni. Zimenezo zimachitika mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Kugwira ntchito za masiku onse sikuchotsa mimba, ngakhalenso kukhala malo amodzi ndi mwamuna. Amuna anga adapumira m'mwamba. Ndidafunsa mankhwala. Adati apitirize a magazi aja a kusikelo basi, ndipo ndibwerenso pakatha masabata awiri. Ndidafunsa ngati ndigone osadzuka. Adati ndipume ndikatopa, koma kugona tsiku lonse sikudaonetse kuti kumagwira mimba yofuna kuchoka.

Tikutuluka, pakhomo padafika galimoto yamatola. Anthu adatsitsa mtsikana wa zaka ngati 20, atamunyamula m'chitenje, milomo ili mbuu, thukuta lili kamukamu. Apongozi ake ankafotokozera anamwino kuti wangokomoka akutsuka mbale, ndipo kuti pakhomo padalibe amene ankadziwa kuti ali ndi pakati. Kwa masiku anayi ankaona timagazi takuda ndi kumva kubaya mbali ya kumanja, koma adangomanga chitenje nalimba mtima. Adathamanga naye kuchipinda cha opaleshoni. Nditabweranso patapita masabata awiri ndidamufunsa, ndipo namwino wina adati adapulumuka atamuthira magazi, koma njira imodzi ya mazira adaichotsa.

Mimba yake idakhala kunja kwa chiberekero, m'kanjira kopapatiza kamene dzira limadutsamo. Zotere zimachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100 zilizonse. Kanjirako sikangatambasuke, ndiye mimba ikamakula kamaphulika, ndipo magazi amatayikira mkati mwa mimba mmene diso silifika, pomwe pansalu pakuoneka madontho chabe. Ine ndi iye tidayamba ndi chizindikiro chofanana. Palibe mayi, palibe namkungwi, palibe mzamba amene angasiyanitse magazi anga ndi ake pongoyang'ana. Boma lidaletsa azamba kubereketsa mu 2007, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika adachotsa chiletsocho mu 2010. Mkangano wonsewo unali wa tsiku lochira. Za miyezi yoyambirira, imene mzamba kale ndiye adali munthu womunong'oneza, sizidakambidwe kwambiri. Mu 2016 bungwe la World Health Organization lidalangiza kuti mayi aonedwe ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, koyamba masabata 12 asanathe, ndiponso aunikidwe ndi makina kamodzi asanafike masabata 24. Koma kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa amayi 4 alionse m'Malawi, pafupifupi mmodzi yekha ndiye ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. Mtunda ndi ndalama zili ndi gawo lake pamenepa. Chinsinsi chilinso ndi gawo, pakuti kukhala pa benchi ya sikelo ndi kulengeza kwa mudzi wonse.

Masabata awiri aja adandiphunzitsa tanthauzo la mawu akuti woyembekezera. Ndinkawamva ngati mawu achimwemwe, a munthu wodikira mlendo. Tsopano ndidaona kuti kuyembekezera ndi ntchito ya munthu amene alibe chochita china. Magazi adasintha, kuchoka kufiira kukhala akuda ngati dzimbiri, ndipo dokotala adali atanena kuti amenewo ndi akale akutuluka. Komabe chitseko cha chimbudzi chidasanduka khomo la bwalo la milandu. Mseru ukachepa ndinkachita mantha, ukabwerera ndinkathokoza. Ndidabwerera kusukulu patatha masiku atatu, chifukwa kukhala pakhomo kunkakulitsa maganizo, ndipo ndidapeza kuti mphindi 40 za kuphunzitsa mitundu ya aneni ndi mphindi 40 zimene sindikuganiza za magazi. Ndidadziikira malire oti ndiziyang'ana nsalu pokhapokha ndapita kukataya madzi. Zizindikiro zoopsa ndidazilemba pachikuto cha buku la kuchipatala kuti ndisamazibwereze m'mutu: magazi odzaza padi m'ola limodzi kapena a mibulu, ululu waukulu m'munsi kapena mbali imodzi, kupweteka kwa nsonga ya phewa, chizungulire kapena kukomoka, kutentha thupi, zotuluka zonunkha. Amuna anga adasunga ndalama ya galimoto mu envelopu, nagwirizana ndi mnansi wathu wa galimoto kuti foni yake isazime usiku.

Amayi adakhala nafe masiku onsewo. Adalanda khitchini, ndipo sadandilole kuthira mchere m'ndiwo, monga mwambo umanenera kwa mkazi amene akutaya magazi. Sindidatsutse. Mchere wothira iwo sukadandipweteka, ndipo manja awo adafunika chogwira monga mmene mtima wanga unkafunira. Tsiku lina mnzawo wa kumudzi adatumiza mizu yoti ndimwe kuti mimba ikhazikike. Amayi adainunkhiza, adaikulunganso, naiika pansi pa thumba lawo. "Adokotala aja anaona mtima," adatero. "Izi sizinaone kanthu." Madzulo tinkakhala pakhonde, iwo akusankha nyemba, ndipo pang'onopang'ono ankanditchulira amayi a kwathu amene adapita padera: uyu kawiri, uyu katatu, uyu asanabereke mapasa aja. Adali amayi amene ndidakula ndikuwaona akuseka pachitsime.

Mawu akuti kupita padera amandivutabe. Amamveka ngati a munthu amene waphonya njira, kapena wa ulendo wosapindula. Chochokacho timachitcha mtayo, ndipo sichilira maliro: amayi okhaokha amakakwirira mwakachetechete, dzenje losazama, popanda nyimbo. Ndikhulupirira kuti makolo adakonza zimenezi mwachifundo, pa nthawi imene imfa za ana zidali zambiri kotero kuti kulira iliyonse mokweza kukadatha mudzi mphamvu. Koma chisoni choletsedwa kutuluka sichichoka. Amayi anga adasunga chawo zaka zoposa 30, ndipo adatchula miyezi ya ana awiri aja mosazengereza, ngati kuti zidachitika dzulo. Mu 2021 magazini ya zachipatala ya The Lancet idaŵerengera kuti pa dziko lonse mimba pafupifupi 23 miliyoni zimachoka chaka chilichonse, kutanthauza 15 mwa mimba 100 zodziwika. Chinthu chofala chotere chikakhala chosakambidwa, mayi aliyense amachikumana nacho ngati woyamba, ndipo amayesa kuti thupi lake lokha ndilo lolephera.

Nzeru za chipatala nazo zikusuntha. Mu 2019 kafukufuku wa ku Britain wotchedwa PRISM, wa amayi oposa 4,000 otaya magazi kumayambiriro kwa mimba, adapeza kuti mankhwala a progesterone sathandiza onse, koma amathandizako amene adapitapo padera kale, ndipo mu 2021 dzikolo lidawaika m'malangizo ake a chipatala kwa amayi otere. Ine sakadandikhudza, poti idali mimba yoyamba. Amayi anga, pa mimba yawo yachiwiri ija, akadakhala m'gulu limenelo. Koma kuti dokotala adziwe kuti mayi adapitapo padera, mayiyo ayenera kukhala ndi pakamwa ponenera, ndipo wofunsayo ayenera kufunsa mosaweruza.

Tsiku lobwerera lidafika. Kachigamba kakuda kaja kadali katachepa, nyemba ija idali itatuluka timanja ndi timiyendo, ndipo inkagwedezeka. Magazi adalekeratu pa sabata la 12. Mantha adatenga nthawi yotalikirapo, mpaka mwana atayamba kuponda. Adabadwa mu September, wamkazi, wa makilogalamu 3. Sindinena zimenezi ngati mphotho ya kulimba mtima kapena ya kuthamangira kuchipatala. Amayi ambiri amachita zonse zimene ndidachita, naunikidwa pa makina omwewo, koma kadontho kaja osathwanima. Chimene kufulumira kumagula ndi moyo wa mayi, komanso kudziwa chimene chikuchitika m'thupi mwake.

Masiku ano, poti ndakula, amandiitana ku zilangizo za atsikana oloŵa m'banja. Amayi achikulire akatha kunena za ulemu kwa apongozi ndi za kusamala mwamuna, ndimapempha kuti ndiwonjezere pang'ono. Sindiuza mkwatibwi kuti akadzaima adzaimbe ng'oma. Chinsinsi chili ndi ubwino wake, ndipo ndi ufulu wake kuchisunga. Ndimamuuza kuti asankhiretu anthu awiri, wina wa m'nyumba ndi wina wa kunja kwa nyumba, amene adzawauze sabata lomwelo, anthu oti angadzuke usiku. Ndimamuuza kuti sikelo ayambe mwezi ukangomudumpha, ndipo kuti akadzaona magazi, ochepa kapena ambiri, apite tsiku lomwelo, ngakhale atakamufunsa funso lopweteka. Koyamba kunena zimenezi, ku chilangizo cha mwana wa mchemwali wanga, m'chipinda mudati zii. Ndidayesa kuti ndalumpha malire potchula zoopsa pa tsiku la chimwemwe. Kenaka namkungwi wamkulu, mayi wa imvi amene adalangapo amayi anga, adakonza mpango wake nati: "Musiyeni anene. Ine zidandichitikira katatu, ndipo wondiuza padalibe." Adatembenukira kwa mkwatibwi, namufunsa kuti anthu ake awiri ndi ndani.